Musanagule Masheya a Banki, Funsani Kuti Mukulipira Phindu la Zaka Zingati

Mwezi ukakhala mumdima, nyanja itadekha, usipa n'kudzaza m'mathandala, ndalama zimalowa ku Usisya. Zina zimachokera kwa ana ndi abale amene ali ku Joni, zina kwa magulu a banki m'khonde akagawana kumapeto kwa chaka. Vuto limene aliyense akulidziwa ndi lakuti kwacha yosungidwa m'nyumba imasungunuka. Banki yaikulu ya dziko lino, Reserve Bank of Malawi, inachepetsa mphamvu ya kwacha ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo m'miyezi yambiri ya chaka cha 2024 mitengo ya zinthu inali kukwera ndi zoposa 30 peresenti pachaka. Ndalama imene dzana inkagula ukonde wathunthu lero ikugula chidutswa.

N'chifukwa chake nkhani yogula masheya, makamaka a mabanki, yayamba kumveka ngakhale kumadera akutali ndi mizinda. Wina amaimva pawailesi, wina kwa mphunzitsi, wina kwa mwana wake wa ku Mzuzu. Ambiri akamva zimenezi amafunsa funso limodzi: kodi sheya imodzi ndi ndalama zingati? Funsoli ndi loyenera, koma palokha limasocheretsa. Nkhani ino ikufotokoza funso lachiwiri, lomwe ndi lofunika kwambiri, ndiponso muyeso umene odziwa za malonda amagwiritsa ntchito poliyankha. Khonsolo siikuuza munthu kuti agule masheya a banki yakutiyakuti. Cholinga n'chakuti amene wasankha kugula adziwe chimene akugula.

Sheya n'chiyani?

Sheya ndi kagawo kakang'ono ka umwini wa kampani. Amene wagula sheya ya banki sanasungitse ndalama ku bankiyo, ndipo sanaikongoze. Iye wasanduka mmodzi wa eni ake. Banki ikapindula, gawo lina la phindulo ndi lake; ikaluza, iyenso waluza. Palibe amene amamulonjeza chiwongoladzanja, ndipo palibe amene amamutsimikizira kuti adzagulitsa sheyayo pamtengo umene anagulira.

Masheya amagulitsidwa pamsika wotchedwa Malawi Stock Exchange, womwe uli mumzinda wa Blantyre. Msikawu unakhazikitsidwa m'chaka cha 1994, ndipo malonda a masheya anayamba mu Novembala 1996 pamene kampani ya NICO inakhala yoyamba kulembetsa. Lero pamsikawu pali makampani odziwika monga Illovo Sugar, Press Corporation, TNM ndi Airtel Malawi. Kumbali ya mabanki kuli National Bank of Malawi, Standard Bank, NBS Bank, FDH Bank, ndiponso FMB Capital Holdings, yomwe ndi mwini wa First Capital Bank. FDH Bank inalowa pamsikawu mu Ogasiti 2020, itagulitsa kwa anthu masheya ake pamtengo wa K10 iliyonse.

Phunziro la maboti awiri

Tisanafike ku Blantyre, tiyambire pagombe pathu pompano. Manambala otsatirawa ndi ongoyerekeza, kuti masamu aoneke bwino.

Tinene kuti anthu awiri akugulitsa zipangizo zawo zausodzi. Woyamba akufuna K12 miliyoni pa boti, injini ndi chilimira. Wachiwiri akufuna K6 miliyoni basi. Munthu wosadziwa za nyanja adzathamangira kwa wachiwiri, poti mtengo wake ndi theka. Koma msodzi wokhwima sayamba wapereka ndalama. Iye amafunsa kuti, pachaka zipangizozi zimabweretsa zingati, mutachotsa mafuta, malipiro a alovi, kusoka ukonde ndi kukonza injini?

Tinene kuti boti loyamba limasiya K3 miliyoni pachaka, pamene lachiwiri limasiya K600,000. Mukagawa K12 miliyoni ndi K3 miliyoni mupeza 4. Ndiye kuti boti loyamba lidzabweza ndalama zanu m'zaka zinayi. Mukagawa K6 miliyoni ndi K600,000 mupeza 10. Lachiwirili lidzatenga zaka khumi. Boti limene limaoneka lotchipa ndilo lodula kwenikweni, chifukwa pa kwacha iliyonse ya phindu mukulipira makwacha khumi, pamene pa linalo mukulipira makwacha anayi okha.

Amene wamvetsa nkhani ya maboti awiriwa wamvetsa kale muyeso umene pamsika wa masheya amautcha P/E. Chilembo cha P chikuimira mawu a Chingerezi otanthauza mtengo, ndipo E akuimira phindu. Kamzere kapakati kakutanthauza kugawa. P/E ndi mtengo wa sheya utagawidwa ndi phindu la pachaka la sheya imodzi. Yankho lake limakuuzani kuti mukulipira phindu la zaka zingati, ngati phindulo litakhala losasintha.

Kawerengedwe kake pa banki

Pali masitepe awiri okha. Poyamba, tengani phindu lonse la banki la chaka chathunthu, msonkho utachotsedwa kale, ndi kuligawa ndi chiwerengero cha masheya onse a bankiyo. Chimene mwapezacho ndi phindu la sheya imodzi. Kachiwiri, tengani mtengo umene sheyayo ikugulidwa lero pamsika ndi kuugawa ndi phindu la sheya imodzi lija.

Tiyeni tiyerekezenso ndi mabanki awiri opanda maina. Banki yoyamba yapeza phindu la K60 biliyoni ndipo ili ndi masheya 500 miliyoni. Sheya iliyonse yapindula K120. Pamsika sheyayo ikugulidwa K1,200. Kugawa 1,200 ndi 120 kukutipatsa 10. Banki yachiwiri yapeza phindu la K30 biliyoni, koma ili ndi masheya 6 biliyoni, kotero sheya iliyonse yapindula K5 yokha. Pamsika ikugulidwa K100. Kugawa 100 ndi 5 kukutipatsa 20.

Tsopano taonani mayi amene ali ndi K120,000 yake ya usipa. Akapita ku banki yoyamba apeza masheya 100 okha, ndipo mwina adzadandaula kuti ndi ochepa. Akapita ku yachiwiri apeza masheya 1,200, ndipo adzamva ngati walemera. Koma masheya 100 aja akuimira phindu la K12,000 pachaka, pamene masheya 1,200 akuimira K6,000. Ndalama zake ndi zomwezo, koma ku banki ya sheya ya K100 wagula theka la phindu limene akanagula ku banki ya sheya ya K1,200.

Zimenezi zimachitikadi pamsika wathu, chifukwa mabanki sanadulidwe m'zidutswa zofanana. M'chaka cha 2024, National Bank of Malawi inali ndi masheya pafupifupi 467 miliyoni, pamene FDH Bank inali ndi masheya pafupifupi 6.9 biliyoni. N'zosadabwitsa tsono kuti sheya imodzi ya banki yoyambayo imakhala ya ndalama zambiri kuposa ya inayo. Kusiyana kumeneku sikunena kuti ina ndi yodula, ina yotchipa. Kuli ngati kuyerekeza mtengo wa usipa wa m'ndowa ndi wa m'kambale: simungadziwe wotchipa mpaka mutadziwa kuti m'ndowa mumalowa timbale tingati.

Nambala yotsika ndi yokwera

Tikafika apa, wina anganene kuti nkhani yatha: tingogula sheya ya P/E yotsikitsitsa. Ayi ndithu. Bwererani kugombe. Mwina mwini wa boti la zaka zinayi uja akuligulitsa motchipa chifukwa akudziwa kuti matabwa apansi afumbwa ndipo injini yatsala pang'ono kufa. Phindu la K3 miliyoni linali la chaka chatha; chaka chamawa mwina sipadzakhala kanthu. Ndipo mwina boti la zaka khumi lija ndi latsopano, linangoyamba ntchito chaka chili mkati, ndipo phindu lake lidzakwera kawiri kapena katatu. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Pamsika wa masheya zilinso chimodzimodzi. P/E ikakhala yokwera, nthawi zambiri ndiye kuti ogula akuyembekezera kuti phindu la bankiyo likula msanga, ndipo akulipiriratu phindu lam'tsogolo. Chiyembekezocho chikakwaniritsidwa, mtengo umene unaoneka wokwera umasanduka wabwino. Mwachitsanzo, banki yachiwiri ija ikakweza phindu la sheya imodzi kuchoka pa K5 kufika pa K10, amene anagula pa K100 apeza kuti P/E yake yatsika kuchoka pa 20 kufika pa 10. Koma phindu likapanda kukula, ogula amagwa mphwayi, mtengo n'kutsika, ndipo amene anagula pamwamba ndiye amatsala akulira. P/E ikakhala yotsika, pangakhale mwayi umene ena sanauone, komanso pangakhale vuto limene ena aliona kale inu musanalione.

Choncho nambalayi siyankha funso lakuti gulani kapena musagule. Ntchito yake ndi kukuonetsani kukula kwa chiyembekezo chimene chabisala mumtengo, kuti inu mudzifunse ngati chiyembekezocho chili ndi maziko.

Pali njira inanso yoionera. Mukagawa 100 ndi P/E mupeza phindu la pa K100 iliyonse imene mwaika. P/E ya 10 ndi K10 pa K100. P/E ya 20 ndi K5. P/E ya 40 ndi K2.50 yokha. M'chaka chimene mitengo ya zinthu ikukwera ndi 30 peresenti, phindu la K5 pa K100 silingateteze ndalama zanu palokha. Lingatero pokhapokha ngati phindu la bankiyo likukula chaka ndi chaka mofanana ndi kukwera kwa mitengo, kapena kuposerapo. N'chifukwa chake kumva kuti phindu la banki lakwera ndi 20 peresenti si nkhani yosangalatsa nthawi zonse. Ngati ufa, mafuta ndi ukonde zakwera ndi 30 peresenti, phindulo lakwera pamapepala koma mphamvu yake yogulira yatsika.

Phindu la banki limachokera kuti?

Popeza muyeso wonsewu watsamira pa phindu, m'pofunika kudziwa gwero lake. Banki imalandira ndalama za osungitsa, n'kumawapatsa chiwongoladzanja chochepa, kenaka imakongoza ndalamazo pa chiwongoladzanja chokwera. Kusiyana kwa ziwirizi ndilo gwero lalikulu la phindu. Kuonjezera apo, banki imalipiritsa anthu pa ntchito zosiyanasiyana ndiponso imapindula pogula ndi kugulitsa ndalama zakunja.

M'Malawi muno, wokongola wamkulu wa mabanki ndi boma. M'zaka zapitazi boma lakhala likubwereka ndalama zambiri m'dziko momwemuno pa chiwongoladzanja chokwera, ndipo zimenezi zathandiza kwambiri kukweza phindu la mabanki. Amene akuyang'ana P/E ya banki ayenera kudzifunsa kuti, kodi chiwongoladzanja chikadzatsika, kapena boma likadzachepetsa kubwereka, kapena likadzasintha ndondomeko yobwezera ngongole zake, phinduli lidzakhalabe lomweli? Msodzi amene amagulitsa nsomba zake zonse kwa wogula mmodzi amadziwa kuti tsiku limene wogulayo sadzabwera, nsomba zidzaolera pamchenga.

Chachiwiri ndi ngongole zosabwezedwa. Banki imalemba chiwongoladzanja ngati phindu, koma ngati okongola ambiri alephera kubweza, phindu la zaka zingapo lingathe kufufutika m'chaka chimodzi. Mamembala a banki m'khonde akuidziwa bwino nkhaniyi. M'kaundula mumaoneka ndalama zambiri, koma tsiku logawana likafika, zina zili kwa munthu amene anasamuka osatsazika. M'malipoti a mabanki mumakhala mzere woonetsa ndalama zimene zaikidwa padera chifukwa cha ngongole zokayikitsa. Mzerewu ukamakula chaka ndi chaka kuposa mmene ngongole zonse zikukulira, ndi chenjezo, ngakhale P/E ikuoneka yokongola.

Chachitatu ndi phindu la kamodzi. Kwacha ikagwetsedwa mphamvu, monga zinachitikira mu 2023, banki imene inali ndi ndalama zakunja zoposa ngongole zake zakunja imalemba phindu tsiku lomwelo popanda kugwira ntchito ina iliyonse. Phindu lotere limatsitsa P/E ya chaka chimenecho, koma silibwera chaka chilichonse. Palibe amene amawerengera mtengo wa boti potengera usiku umodzi umene chilimira chinadzaza mpaka kutsala pang'ono kung'ambika. Amawerengera chaka chonse, kuphatikizapo masiku a mwera pamene maboti amagona pamtunda. Momwemonso, ndi bwino kuona phindu la banki la zaka zitatu kapena zisanu, osati la chaka chimodzi.

Ndipo banki ingathe kuluza. NBS Bank inaluza m'zaka za 2016 ndi 2017, ndipo mu 2017 inapempha eni masheya ake kuti aonjezere ndalama pogula masheya ena atsopano. Kuyambira 2018 inayambanso kupindula, ndipo amene anapirira anadzaona zipatso zake. Koma m'zaka zoluzazo P/E inalibe tanthauzo, pakuti panalibe phindu loti n'kugawa nalo mtengo. Pa nthawi ngati imeneyo odziwa amayang'ana muyeso wina, umene m'malipoti umalembedwa P/BV. Umenewu umayerekeza mtengo wa sheya ndi chuma chenicheni cha eni banki, ndiko kuti zonse zimene banki ili nazo titachotsapo zonse zimene iyenera kubweza kwa osungitsa ndi ena. Pa mabanki, miyeso iwiriyi imayendera limodzi.

Phindu lonse silifika m'thumba

Pali chinthu china chimene chimakhumudwitsa ogula atsopano. Mayi uja wa masheya 100, amene gawo lake la phindu ndi K12,000, sadzalandira K12,000 yonse. Malamulo amene Reserve Bank imayang'anira amafuna kuti banki iliyonse ikhale ndi chuma chokwanira chotetezera ndalama za osungitsa, ndipo banki imene ikufuna kukula imasunga gawo lina la phindu kuti ikongoze anthu ambiri. Chotsalacho n'chimene chimagawidwa kwa eni masheya, ndipo pa Chingerezi amachitcha dividend. Pa ndalama imeneyi boma limadulaponso msonkho isanafike kwa mwini wake. Ngati banki yagawa theka la phindu, mayiyu aona K6,000, msonkho usanachotsedwe. Theka linalo silinatayike. Lili m'banki ndipo likugwira ntchito, monga mmene mwini boti amasungira ndalama zina zogulira ukonde watsopano. Koma amene akuyembekezera ndalama yolipirira fizi chaka chino ayenera kuyang'ana mbiri ya kagawidwe ka phindu, osati P/E yokha.

Kumene manambala amapezeka

Chaka cha ndalama cha mabanki amenewa chimatha pa 31 Disembala. Malipoti a chaka chonse, owunikidwa ndi akatswiri owerengera ndalama, amatuluka miyezi ingapo pambuyo pake m'nyuzipepala monga The Nation ndi The Daily Times, ndipo pakati pa chaka pamatulukanso malipoti a miyezi isanu ndi umodzi. Malawi Stock Exchange imatulutsa malipoti ake a malonda momwe mumakhala mtengo wa sheya iliyonse pamodzi ndi P/E yake, ndipo amapezeka pa intaneti kwa amene ali ndi foni yotha kutero.

Koma chenjerani ndi msinkhu wa nambalayo. P/E imene mukuiona mu Okutobala nthawi zambiri imakhala yochokera pa phindu la chaka chimene chinatha Disembala wapitayo, pamene mtengo ndi wa lero. Ngati phindu likukula msanga, nambalayo imaoneka yokwera kuposa mmene zinthu zilili. Ngati likutsika, imaoneka yotsika monyenga. Malamulo a msikawu amakakamiza kampani kudziwitsa anthu ikangozindikira kuti phindu lake lisiyana ndi la nthawi yapita ndi 20 peresenti kapena kuposerapo. Zidziwitso zimenezi zimasindikizidwanso m'nyuzipepala, ndipo n'zothandiza kwa amene akufuna kuwerengera ndi phindu latsopano. Komanso poyerekeza, yerekezani banki ndi banki inzake, pa tsiku limodzi. Kuyerekeza banki ndi kampani ya shuga kapena ya mafoni n'kuyerekeza boti ndi chigayo.

Malangizo kwa anthu a dera lathu

Masheya sagulidwa kwa munthu woyenda ndi chikwama, kapena kwa munthu wosadziwika wotumiza uthenga pa WhatsApp. Amagulidwa kudzera ku makampani ovomerezeka ochita malondawa, monga Stockbrokers Malawi, Continental Capital ndi Cedar Capital. Wogula amafunika chiphaso cha unzika ndi akaunti ya ku banki, ndipo masheya amalembedwa m'dzina lake. Aliyense amene akukulonjezani kuti ndalama zanu zichuluka kawiri pa mwezi umodzi si wa msika wa masheya. Musanatumize ndalama pafoni, tsimikizani dzina la kampaniyo ku Malawi Stock Exchange kapena ku Reserve Bank. Ulendo wa pa Ilala kapena wa pamsewu wovuta uja wodzera ku Choma kupita ku Mzuzu ndi wotopetsa, koma ndi wotchipa poyerekeza ndi kutaya phindu la nyengo yonse ya usipa. Safunsa anadya phula.

Dziwaninso kuti msika wathu ndi waung'ono. Pali masiku amene ofuna kugulitsa amasowa ogula pamtengo umene akufuna. Ndalama ya mafuta a boti, ya fizi, ya kuchipatala, kapena yogulira chakudya chinangwa chikavuta m'munda, isalowe m'masheya. Ikani ndalama imene mungathe kuiiwala kwa zaka zingapo. Magulu a banki m'khonde amene akulingalira zogula masheya agwirizane kaye polemba kuti masheyawo adzakhala m'dzina la yani, phindu lidzagawidwa bwanji, ndipo chidzachitike n'chiyani membala akafuna kutuluka mtengo utatsika.

Pomaliza, amene wakonzeka kugula akhale pansi ndi pensulo, alembe mayankho a mafunso asanu awa. Kodi sheya imodzi inapindula zingati chaka chatha? Nanga ndikagawa mtengo wa lero ndi phindu limenelo, ndikupeza zaka zingati? Kodi mabanki ena ali pa zaka zingati? Kodi phinduli lakhala likukula kuposa mitengo ya zinthu kwa zaka zingapo, kapena ndi la usiku umodzi wa mwayi? Ndipo pa phindu limenelo, ndi zingati zimene zimafika kwa eni masheya? Ngati wogulitsa sangakuthandizeni kupeza mayankho amenewa, sungani kaye ndalama zanu. Mafunsowa ndi omwewo amene makolo athu akhala akufunsa pagombe asanalipire boti, ndipo banki ya ku Blantyre iyenera kuwayankha monga mmene mwini boti wa ku Usisya amawayankhira.